Akamberembere a Disembala Amadzera pa Khomo la Tchalitchi

 Pano timakonda kukambirana za maoda, mitengo ya kontena ndi misonkho ya MRA. Lero ndati ndilembeko za chinthu china chomwe chimatha kudya phindu la chaka chonse tsiku limodzi: kuberedwa mwachinyengo nyengo ya Khirisimasi, makamaka kudzera m'mipingo ndi m'magulu athu a mapemphero. Ambiri pagulu pano ndife asungichuma, alembi, akulu ampingo, amayi a mvano, atsogoleri a miphakati, ena muli m'makomiti a mizikiti. Anthu amatisankha pa maudindo a ndalama poti amati wa geni amadziwa kuwerengera. Ndiye ndalama ya mpingo ikasowa, dzina loyamba kutchulidwa limakhala lathu.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Wakuba wa masiku ano sathyola chitseko, amabwereka dzina la munthu yemwe timamukhulupirira, kenako n'kutifulumizitsa. Mankhwala ake ndi omwe aja timachita pa geni tsiku ndi tsiku. Ine pooda katundu, olo wogulitsayo akhale mwana wa amalume, ndimatsegula katoni n'kuwerenga, ndipo palibe amakwiya. Koma tikangolowa m'tchalitchi timasiya nzeru imeneyi panja ngati nsapato, kuopa kuoneka opanda chikhulupiriro. Pamenepo m'pamene mbava zimadyera.

N'chifukwa chiyani Disembala, n'chifukwa chiyani mpingo?

Mwezi uno ndalama zimayenda kwambiri pakati pathu. Kumudzi ndi nthawi ya feteleza, Januwale akubwera ndi fizi, ena akufuna tikiti yokaona makolo, ena akutumiza madiramu. Kumpingo nako kuli zopereka za ana amasiye, phwando la Sande sukulu, kulipira holo ya mapemphero olowera chaka chatsopano. Aliyense watopa, ambiri akugwira mashifiti owonjezera, mauthenga akuwerengedwa m'basi maso ali ndi tulo.

Mpingo wa ife obwera umaposa malo opempherera. Ndi komwe munthu amapeza chipinda, ntchito, womulerera mwana ndi womuthandiza pa maliro. Gulu la WhatsApp la mpingo limakhala ndi manambala a anthu mazana, mayina awo, maudindo awo, ndipo zithunzi za abusa ndi za komiti zili poyera pa Facebook. Kwa kamberembere umenewu ndi munda wolimalima kale. Safunika kutinyengerera kuti timukhulupirire. Amangovala nkhope ya yemwe timamukhulupirira kale.

Uthenga wochokera kwa "abusa"

Kumudzi tonse timaudziwa uthenga uja wa "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Wa kuno ndi m'bale wake, kungoti wavala suti. Mumalandira uthenga pa WhatsApp kapena pa imelo, chithunzi chili cha abusa kapena bambo mfumu, dzinanso lomwelo, koma nambala ndi yachilendo. Amayamba ndi moni wa chikhristu. Kenako amati ali mu msonkhano, sangayankhe foni, koma pali nkhani yofunika chinsinsi: akufuna muwagulire ma gift card a Amazon kapena Apple oti akapatse odwala kapena amayi amasiye, adzakubwezerani Lamulungu. Mukagula amati palani kuseri kwa khadi, jambulani manambala, tumizani. Manambalawo akangopita, ndalama yapita, ndipo kuibweza n'kovuta zedi. Madayosizi a Anglican ndi a Katolika kuno ku England akhala akuchenjeza akhristu awo za chinyengo chimenechi kwa zaka ndithu.

Onani zizindikiro zitatu zomwe zimayendera limodzi: changu, chinsinsi, ndi kukana kuyankhula pa foni. Zikakumana zitatuzi, imani kaye. Imbani nambala ya abusa yomwe muli nayo kale m'foni, osati yomwe yatumiza uthengayo. Akapanda kuyankha, imbirani amayi busa kapena mlembi wa mpingo. Palibe wodwala yemwe angamwalire chifukwa gift card yachedwa ndi ola limodzi. Masiku ano mawu a munthu amathanso kukopedwa ndi makina, ndiye ka voice note kokha sikakwanira. Imbani inuyo, muyankhulane.

Manambala 6 a WhatsApp

Ichi ndiye chimagwetsa magulu athunthu. Mu 2023 a Action Fraud anachenjeza kuti mbava zikulowerera magulu akuluakulu a WhatsApp a zipembedzo ndi a m'madera. Zimayenda chonchi. Munthu amakuimbirani ngati membala mnzanu, mwina akukutchulani dzina ndi udindo. Akuti madzulo kuli mapemphero kapena msonkhano wa komiti pa kanema, ndiye akutumizirani manambala oti mulowere, mumuwerengere kuti akulembetseni. Manambala 6 aja akafika pa foni panu si a msonkhano ayi. Ndi kiyi yosamutsira WhatsApp yanu kupita pa foni yake. Mukangomuwerengera, inu mwatsekeredwa kunja, iye ali m'kati ndi dzina lanu, chithunzi chanu ndi magulu anu onse.

Akalowa amayamba kulembera anzanu mmodzimmodzi: ndapanikizika, ndibwerekeni £200, ndibweza mawa. Kwa ife a geni n'zoopsa kawiri, chifukwa makasitomala athu anazolowera kulandira akaunti yolipirira kudzera pa WhatsApp yomweyo. Akawauza kuti akaunti yasintha, amalipira mosakayika, ndipo ngongole ya katunduyo imatsalira inu.

Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu aliyense, kaya ndi abusa, kaya ndi mwana wanu. Lero lomwe lowani mu Settings, pitani pa Account, tsegulani two-step verification, ikani PIN yanuyanu ndi imelo. Sizitenga mphindi zisanu. Lamulungu likudzali achinyamata akhale pakhomo la tchalitchi n'kuthandiza akuluakulu kuchita zomwezi pa mafoni awo.

Maliro, odwala ndi zopereka

Ife maliro sitifunsa kawiri, ndipo ndi chinthu chabwino chomwe tinabwera nacho. Kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre kumadya mapaundi masauzande, palibe banja lingathe lokha. Koma mtima womwewo ndi womwe anthu oipa amaudyera masuku pamutu. Amatenga chithunzi cha maliro enieni, n'kusintha akaunti yokha, n'kuchiponya m'magulu ena. Pena nkhaniyo imakhala yopeka yonse: mwana ali m'chipatala, nyumba ya ana amasiye yagwa denga, mudzi wakokoloka. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anasakaza ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, zithunzi zomvetsa chisoni zilipo zambiri pa intaneti, ndipo aliyense angathe kuziika pa pempho latsopano.

Pempho lililonse lisanaikidwe pagulu la mpingo, pakhale anthu awiri odziwika omwe ayankhulana ndi banjalo pa foni kapena pamaso. Mayina awo alembedwe pa pempho pomwepo. Potumiza ndalama, banki zambiri zimakuonetsani ngati dzina lomwe mwalemba likugwirizana ndi la mwini akaunti. Amazitcha Confirmation of Payee. Ikanena kuti dzina silikugwirizana, musapitirize mpaka mutamva chifukwa chake.

Likakhala bungwe lomwe likuti ndi charity, funsani nambala yake n'kuiyang'ana pa kaundula wa Charity Commission, ndi ulere pa gov.uk. Mudzaona mayina a matrasti ndi malipoti a chuma. Dziwani kuti timabungwe topeza ndalama zosapitirira £5,000 pa chaka, komanso mipingo ina ing'onoing'ono ya pansi pa mipingo ikuluikulu yakale ya kuno, sikakamizidwa kulembetsa. Choncho kusapezeka m'kaundula sikutanthauza kuba, koma pamenepo mufunse zambiri. Wotolera ndalama mumsewu ndi chitini amayenera kukhala ndi chilolezo cha khonsolo, ndipo kufunsa kuti muchione si mwano.

Tikiti yopita kumudzi

Mitengo ya ndege mu Disembala imakwera, tonse timadziwa. Ndiye pakabwera m'bale wa mumpingo kapena "agent" wa pa Facebook ndi tikiti ya theka la mtengo, mtima umadumpha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyengo chake n'chochenjera. Munthu angathe kusungitsa malo pa ndege osalipira, n'kukutumizirani pepala lokhala ndi dzina lanu, tsiku ndi booking reference yeniyeni. Mukayang'ana tsiku lomwelo zimaoneka zilipo. Pakapita masiku ochepa malowo amafufutika poti sanalipiridwe, inu n'kudzazindikira muli pa Manchester Airport ndi masutikesi anayi ndi ana.

Chomwe chimasonyeza kuti tikiti yalipiridwa ndi nambala ya e-ticket, ya manambala 13. Ya Ethiopian Airlines imayamba ndi 071, ya Kenya Airways imayamba ndi 706. Mukailandira, lowani pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo kapena imbani, mutsimikize kuti tikiti yatulukadi, ndipo mudzayang'anenso patatsala sabata kuti munyamuke. Wogulitsa akamati ali ndi ATOL, yang'anani dzina ndi nambala yake pa webusaiti ya Civil Aviation Authority, chifukwa chizindikiro chokha aliyense angathe kuchimata.

Kalipiridwe nako n'kofunika. Mukalipira ndi credit card chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imati kampani ya khadiyo nayonso ili ndi udindo ngati simunalandire zomwe munagula. Pa debit card pali njira ya chargeback, yofookerapo koma imathandiza. Wogulitsa matikiti yemwe akukana khadi n'kumaumirira kuti mutumize ku akaunti ya dzina la munthu, musiyeni. Mpingo ukamakonza ulendo wa gulu, kaya wa ku msonkhano, kaya anzathu a Chisilamu a ku Umrah, malamulo ndi omwewa.

Madiramu ndi kontena

Apa ndiye pa munda pathu, ndiye tinene zoona. Katundu wa pa sitima kuchoka ku UK, kudzera pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako pa msewu mpaka kukaomboledwa ku Malawi, amatenga miyezi, osati masabata awiri. Munthu akamalengeza kutsogolo kwa mpingo kumapeto kwa Novembala kuti diramu lanu lifika Khirisimasi isanakwane, mwina sadziwa ntchito yake, mwina akudziwa bwino lomwe chomwe akuchita.

Alipo otumiza katundu okhulupirika, ena ali pagulu pompano, ndipo iwowa sakwiya ndi mafunso. Funsani dzina la kampani muliyang'ane ku Companies House, ndi ulere: inatsegulidwa liti, eni ake ndani, ikadalipo kapena inatsekedwa. Pitani mukaone komwe amasungira katundu. Tengani lisiti yolembedwa zomwe zili m'diramu, mtengo, ndi yemwe adzalipire msonkho wa MRA, chifukwa mikangano yambiri imayambira pomwepa. Kontena ikanyamuka, pemphani nambala yake. Imakhala ya zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo mungathe kuilondola nokha pa webusaiti ya kampani ya sitima monga Maersk, MSC kapena CMA CGM. Yemwe wakweza katundu zoona nambalayi amakhala nayo. Yemwe akungoti "sitima ili m'njira, pempherani", mufunseni kachiwiri.

Mpingo ukamatolera zovala ndi mabuku zopita kumudzi, musapereke ntchitoyo kwa munthu chifukwa choti amaimba bwino kwaya. Yezani ntchito yake ngati momwe mungayezere pa katundu wanu wa bizinesi.

Chenjeraninso ndi mauthenga a pa foni onamizira Royal Mail, Evri kapena DPD, oti phukusi lanu laima, lipirani kandalama kochepa pa link iyi. Ife timayembekezera maphukusi tsiku lililonse, ndiye n'kosavuta kukhulupirira. Chomwe akufuna si £2 yomwe akutchulayo koma manambala a khadi lanu, ndipo pakapita masiku amakuimbirani ngati a ku banki. Chimodzimodzi mauthenga onamizira HMRC pamene 31 Januwale, tsiku lomaliza la Self Assessment, likuyandikira. A HMRC sakuuzani za kubwezeredwa msonkho kudzera pa link ya mu uthenga, ndipo salandira malipiro a gift card.

Reti yokoma ndi akaunti yobwereketsa

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa reti ya ku banki ndi ya pamsewu kwakhala nkhani ya m'nyumba iliyonse. Ndiye m'mpingo uliwonse mumapezeka munthu yemwe amati ndipatseni mapaundi kuno, abale anu alandira makwacha kumudzi pa reti yabwino. Sindibisa, ambiri amadutsa njira imeneyi. Koma dziwani zomwe mukusenza. Malamulo a kumudzi amaletsa kusintha ndalama kunja kwa mabanki ndi mabungwe ovomerezeka, ndipo kuno aliyense wochita bizinesi yotumiza ndalama amayenera kukhala pa kaundula wa Financial Conduct Authority. Munthu wopanda zimenezi akasowa ndi ndalama yanu, mulibe pepala loti muonetse. Nthawi zambiri amayamba bwinobwino ndi £50, £100, zonse zikufika msanga, mpaka tsiku lomwe mpingo wonse wamupatsa ndalama za feteleza ndi za phwando la ana amasiye. Screenshot ya Airtel Money kapena Mpamba si umboni, imapangidwa pa foni. Umboni ndi wolandirayo kunena yekha kuti ndalama yalowa. Ndalama ya mpingo idutse njira yokhala ndi lisiti, monga Mukuru, WorldRemit kapena banki, olo reti ikhale yowawa. Si yanu yoti muyesere mwayi.

Choopsa china n'chobwereketsa akaunti. Wina amati akaunti yanga yavuta, ndalama ilowe kwa inu, mutapepo kenakake, yotsalayo munditumizire. Ngati ndalamayo ndi yobedwa, kwa apolisi ndi kwa banki wolandira ndinu. Pansi pa Proceeds of Crime Act ya 2002 chilango chimatha kufika zaka 14 m'ndende. Olo musafike ku khothi, banki imatseka akaunti, dzina lanu n'kulembedwa ku Cifas mpaka zaka 6, ndipo kutsegula akaunti ina kumakhala kovuta. Wa geni wopanda akaunti kuno ndiye kuti geni yatha. Auzeni ana athu a ku koleji ndi ku yunivesite, chifukwa ndiwo amasakidwa kwambiri pa Snapchat ndi Instagram nthawi ya holide.

Mpingo nawo umatha kugwiritsidwa ntchito chimodzimodzi. Mlendo amapereka "mphatso" yaikulu, kenako amati ndalakwitsa, ndatumiza yambiri, bwezani ina ku akaunti iyi, kapena mupatsireko bungwe lakuti. Msungichuma asabweze kanthu asanayankhule ndi banki.

Chiperegani ndi phindu la zozizwitsa

Disembala ndi mwezi wogawana za banki m'khonde ndi chiperegani. Ndi mwezinso womwe zimaululika ngati ndalama inalipodi. Zoterezi sizichitikira ife tokha. Mu Okutobala 2006 kampani ya Farepak ya kuno ku England, yomwe inkasungira mabanja ndalama za Khirisimasi, inagwa, ndipo anthu oposa 100,000 anataya zomwe anasonkha chaka chonse. Ngati kampani yodziwika inagwa ndi ndalama za anthu, kuli bwanji ndalama yokhala mu akaunti ya munthu mmodzi, popanda wina woiona? Gulu likhale ndi malamulo olembedwa, buku, ndi statement ya ku banki yoonetsedwa kwa onse mwezi uliwonse. Ofuna kusunga mwa mtendere angathenso kupita ku credit union, monga ya Leeds kapena ya Manchester, komwe ndalama imatetezedwa ndi Financial Services Compensation Scheme ngati ku banki.

Ndiye pali aja obwera ndi "mwayi" wa chaka chatsopano: forex, crypto, golide, phindu lotsimikizika mwezi ndi mwezi. Amakonda kuyamba ndi atsogoleri, n'kuwalipira bwino miyezi yoyamba, kuti akachitire umboni kutsogolo. Mtsogoleriyo nthawi zambiri sakunama, walandiradi, kungoti zomwe walandirazo ndi ndalama za omwe alowa pambuyo pake. Ena mukukumbukira MMM ya Sergei Mavrodi, yomwe inkalonjeza 30 peresenti pa mwezi ndipo inafalikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria. Ku Nigeria inatseka maakaunti a anthu mu Disembala 2016, Khirisimasi ili pakhomo. Ife a geni timadziwa thukuta lomwe limatuluka kuti upeze phindu pa bale limodzi la kaunjika. Bizinesi yobereka chotero popanda katundu, popanda kutaya olo mwezi umodzi, kulibe. Yang'anani dzina lake pa kaundula wa FCA ndi pa mndandanda wawo wa makampani ochenjezedwa. Akamati mubweretse anzanu kuti phindu lanu likwere, mwadziwa kale.

M'gulu lomweli muli ogulitsa "ntchito za care" kwa abale omwe tikawapeze kumudzi pa holide. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 boma la UK linatseka njira yolembera anthu atsopano a ntchito ya care kuchokera kunja. Wopempha mapaundi masauzande kuti abweretse mlongo wanu pa njira imeneyi akugulitsa mphepo.

Zomwe mpingo ungagwirizane Disembala asanafike pakati

Chomwe chimatilepheretsa kufunsa ndi manyazi. Munthu amaopa kuti akaimbira abusa kutsimikiza, aoneka ngati akuwakayikira. Njira yake ndi yoti kufunsako kukhale lamulo la mpingo, lolengezedwa ndi atsogoleri eni ake. Likakhala lamulo palibe amene walakwiridwa. Safunsa anadya phula.

Choyamba, abusa, ansembe kapena mashehe anene okha kutsogolo kuti sadzapempha ndalama kapena gift card kudzera pa uthenga, ndipo aliyense wolandira pempho lotero aimbe foni.

Chachiwiri, mpingo ukhale ndi akaunti imodzi yodziwika, ya dzina la mpingo, yolembedwa pa bolodi ndi pa pulogalamu. Ikasintha, zilengezedwe pamaso, osati pa WhatsApp pokha.

Chachitatu, ndalama isatuluke ndi dzanja limodzi. Anthu awiri osakhala a banja limodzi avomereze malipiro aliwonse, ndipo chopereka chiwerengedwe ndi awiri, onse asayine. Ndi zomwenso a Charity Commission amalangiza. Izi zimateteza msungichuma mwini wake ku miseche.

Chachinayi, eni holo, ophika chakudya kapena obwereketsa zoimbira akalemba imelo yoti akaunti yawo yasintha, imbani pa nambala yakale musanalipire. Maimelo amabedwa, ndipo invoice yabodza imafanana ndendende ndi yeniyeni.

Chachisanu, ma admin a gulu adziwe aliyense amene alimo. Link yolowera isamangoyenda paliponse, ndipo manambala osadziwika achotsedwe.

Chachisanu ndi chimodzi, guwa lisakhale malo otsatsira malonda. Wa geni, kuphatikizapo ine, atsatse kunja ngati wina aliyense. Chinthu chikanenedwa kutsogolo anthu amachitenga ngati chadalitsidwa.

Zikachitika, liwiro ndiye chuma

Mukazindikira kuti mwaberedwa, musayambe ndi kulira pagulu kapena kukalipira wakubayo. Imbani 159, nambala yomwe imakulumikizani ndi banki yanu mwachindunji ku mabanki ambiri a kuno, kapena nambala ya kuseri kwa khadi lanu. Ola loyamba ndi lofunika, chifukwa ndalama imatha kuimitsidwa isanasamutsidwe. Wina akakuimbirani kuti ndi wa ku banki, n'kumati samutsirani ndalama ku "akaunti yotetezeka", dulani foni. Banki yeniyeni sinena zimenezo.

Kenako kanenani ku polisi kudzera pa 0300 123 2040, nambala ya Action Fraud, yomwe kuyambira Disembala 2025 ikutchedwa Report Fraud. Mauthenga achinyengo a pa foni atumizeni ku 7726 mwaulere, maimelo ku report@phishing.gov.uk. Musafufute kalikonse, jambulani zonse. Ngati ndi ndalama ya mpingo wolembetsedwa, matrasti aonenso ngati nkhaniyo ikuyenera kukanenedwa ku Charity Commission.

Ambiri sadziwa kuti kuyambira pa 7 Okutobala 2024 pali lamulo loti munthu akanyengedwa n'kutumiza yekha ndalama ku akaunti ya kuno ku UK, banki imubwezere mpaka £85,000. Ingathe kudulapo £100, ndipo dandaulo liperekedwe pasanathe miyezi 13. Lamuloli limatetezanso timabizinesi ting'onoting'ono ndi ma charity opeza ndalama zosafika £1 miliyoni pa chaka, kutanthauza mipingo yathu yambiri. Koma silikhudza ndalama yotumizidwa kunja kwa dziko, yoperekedwa pamanja, kapena mkangano wamba wa malonda, ndipo banki ingakane ngati munanyalanyaziratu chenjezo lake. Banki ikakufunsani cholinga cha ndalama, nenani zoona, olo wina atakuuzani kuti muname. Ikakana kubweza ndipo simukukhutira, pitani kwa Financial Ombudsman Service, ndi ulere. Pomaliza, chenjerani ndi omwe amabwera pambuyo kuti akuthandizani kubweza ndalama mukawalipira kaye. Kawirikawiri amakhala omwe aja, abwerera kudzakunkha.

Mawu kwa atsogoleri ndi kwa tonsefe: woberedwa asasekedwe, asanenedwe kuti alibe nzeru kapena sanapemphere mokwanira. Anamwino, aphunzitsi ndi owerengera ndalama amaberedwa ndithu. Munthu akamaopa kusekedwa amakhala chete, ndipo wakubayo amapita kwa wotsatira pa mndandanda womwewo. Komanso nkhani ya kuba isathere pa kukhululukirana m'vestry pokha pamene ena akadali pa ngozi. Kukhululuka ndi kwa mtima, koma banki ndi polisi zidziwe. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Tumizani nkhaniyi kwa alembi ndi asungichuma a mipingo yanu, ndipo ngati n'kotheka iwerengedwe pa zolengeza Lamulungu likudzali. Amene mwakumana ndi njira ina yomwe sindinaitchule, tiuzeni pagulu pano, osatchula mayina a anthu, kuti tonse tichenjere. Geni yabwino nonse, Khirisimasi ya mtendere, ndipo tidzalowe Januwale mpamba uli wathunthu.